Mafomu 40 otsala

Kunali kutatsala masiku asanu kuti abwerere kusukulu pamene ndinamupeza m'chipinda chosungira mankhwala, atakhala pa katoni, akudzaza mafomu yekha. Anali ndi mabolopeni awiri, lakuda ndi labuluu, kuti zioneke ngati analemba masiku osiyana.

"Asisi, musandiyang'ane choncho. Akufuna anthu 100, ine ndafunsa 60. Nditani?"

Ndimagwira ntchito ku famase pachipatala china kuno ku Machinga. Ophunzira akabwera kudzazolowera ntchito timawayika pawindo, amawerenga mapilitsi, amalemba makadi a katundu. Kafukufuku wawo amapanga mothamanga, mzere wa odwala ukachepa. Wa mtsikanayu unali wofuna kudziwa ngati anthu amamaliza kumwa LA.

Funso lake linali lanzeru. Kale malungo tinkachiza ndi Fansidar, womwa kamodzi basi. Kuyambira 2007 tikugwiritsa ntchito LA, yemwe amamwedwa kawiri patsiku kwa masiku atatu. Munthu wamkulu amamwa mapilitsi 24, ndipo amafunika kudya kachakudya kamafuta kuti mankhwalawo alowe bwino m'thupi. Ukalekera panjira, tizilombo tina timatsala ndipo malungo amatha kubwerera.

Ndinafuna kumukalipira, koma pakamwa panalemera. Inenso ndili pasukulu ndinaphikapo manambala. Ndinakhoza, palibe anadziwa, koma lipoti limenelo sindinalitsegulenso.

M'malo mwake ndinati tione mafomu 60 enieniwo. Pafupifupi onse anayankha kuti anamaliza. Ndinamufunsa kuti ankafunsira pati. Pawindo pomwepo, atavala gawuni loyera, anthu a pamzere akumva, komanso m'Chichewa, pomwe amayi ambiri ochokera cha ku Ntaja amamasuka m'Chiyao. Ndani angauze wopereka mankhwala kuti sanamalize mankhwala?

Chilolezo chake chinali ndi malo awiri. Achiwiriwo anali ku Ulongwe, m'boma la Balaka, koma sanapiteko chifukwa chosowa thiransipoti. Anayimbira mphunzitsi wake, ndipo anamulola kusintha kafunsidwe. M'mawa mwake tinakwera minibasi pa Liwonde, ndalama ndinalipira ine. Gawuni anasiya m'chikwama. Mlangizi wina wa zaumoyo anatithandiza Chiyao, tinakhala pansi pa mtengo, kutali ndi mzere. Funso linakhala lakuti: "Kunyumba kwatsala mapilitsi angati?"

Mayi wachitatu sanayankhe. Anangomasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa kapaketi ka LA wa mwana, theka lake lisanatsegulidwe.

"Anachira tsiku lachiwiri. Awa ndasungira mng'ono wake. Akatentha thupi usiku, ya kabaza ndiyipeza kuti?"

Mtsikana uja anaima kulemba. Pa mafomu ophika aja, pomwe ankafuna kuti zisamaoneke zabwino zokhazokha, ankalemba kuti "kusadziwa". Mayiyu ankadziwa zonse zimene timanena pawindo. Anali atawerengera mtunda, ndalama ndi ana ake. Yankho limenelo sakanalipeka atakhala pa katoni, ngakhale ine amene ndatha zaka pawindo sindikanalipeka.

Pa 100 sanafike. Anathera pa 83, ndipo analemba choncho mu lipoti, ndi chifukwa chake. Analembanso kuti mayankho a pawindo ndi a pansi pa mtengo asasakanizidwe, poti anafunsidwa mosiyana. Ankaopa kuti amudula malikisi. Ndinamuuza kuti mwina amuduladi, ndipo sindinamulonjeze kanthu.

Masiku ano ndikamapereka LA wa mwana ndimayamba ndafunsa ngati kunyumba kuli ana ena. Ndimawauza kuti mlingo umatengera sikelo ya mwana, ndiye wotsala sangachize mnzake, angopweteka onse awiri. Ena amamva, ena amangogwedeza mutu. Mtunda sindingauchepetse.

Mwa mafomu 40 otsala aja, anali atadzaza kale 11 pamene ndinamupeza. Usiku womaliza tinakolezera mbaula, n'kuphikira tiyi.