Makilogalamu a Amayi

Amayi anga anathyola tiyi zaka zambiri m'munsi mwa phiri la Mulanje, chakufupi ndi Muloza. Ndili mwana, m'zaka za m'ma 1980, ndinkawapititsira chakudya kumunda pa tchuthi, ndipo mpaka lero ndimauona mzere wa pa sikelo uja. Sikeloyo inali ya mbedza, yopachika pa mitengo itatu. Munthu ankakoleka masamba ake, muvi n'kuyamba kuvina, kalaliki n'kutchula nambala muviwo usanakhazikike. Masamba akanyowa ndi mvula ankachotsapo "za madzi" pongoyang'ana ndi maso. Amayi sankadziwa kuwerenga, koma msana wawo unkadziwa kulemera kwa dengu. Madzulo ena ankafika ali duu, kenako n'kungoti, "Lero andidyera." Kokadandaula kunalibe, poti buku ndi pensulo zinali m'manja mwa wodandaulidwayo.

Akalaliki ambiri sanali akuba. Mvula inkagwera pa pepala, anthu mazanamazana ali pa mzere, thirakitala ikudikira kuti masamba asapse m'matumba. Kulakwitsa kunali kosavuta, ndipo wolipira kulakwitsako ankakhala wothyola.

Lero ndimagwira ntchito pa fakitale ina ya tiyi m'boma lomweli, ndipo ntchito yanga yaikulu ndi kusamala kabokosi kachitsulo kokhomedwa pa khoma, kocheperapo poyerekeza ndi njerwa. Amene anatigulitsa amakatchula gateway, ife timangoti kabokosi. M'kati mwake muli kakompyuta, simu khadi ndi batire. Masikelo amagetsi amene amapita kuminda amalemba okha nambala ya wothyola, makilogalamu ndi nthawi, ndipo akabwerera amakhuthulira zonsezo m'kabokosika. Masensa a m'fakitale nawonso amalankhula nako: a m'mathirafu ofotetsera masamba, ndi a pa makina oumitsira amene timawatenthetsa ndi nkhuni za bulugamu. Chinenero chimene makina ambiri otere amamvana nacho ndi Modbus, chimene chinayamba mu 1979 ku America, ine ndisanayambe n'komwe sukulu.

Anthu amandifunsa chifukwa chake zonsezi sizingopita molunjika pa intaneti. Wofunsa choncho sanakhalepo ku Mulanje nthawi ya dzinja. Tiyi amaphuka kwambiri kuyambira Disembala mpaka Epulo, nthawi yomweyo ya mphenzi, mitengo yogwera pa mawaya ndi netiweki yobwera n'kuthawa. Makina oumitsira akatentha mopitirira muyeso, tiyi amapserera m'mphindi zochepa, ndipo ku okushoni ya ku Limbe olawa amazindikira ndi lilime. Uthenga wochenjeza sungayambe wapita ku kompyuta ya kutsidya kwa nyanja kenako n'kubwerera. Kabokosi kamaganiza pompo, n'kuliza belu pompo, ndipo ku ofesi kamangotumiza zofunika netiweki ikabwera. Izi zimapulumutsanso bandulo.

Kukhazikitsa kabokosi kotere kulibe ulemerero. Chipangizo chilichonse umachipatsa nambala yakeyake kuti ziwiri zisayankhire pamodzi. Umasintha pasiwedi imene kanabwera nayo, chifukwa yakufakitale aliyense angathe kuipeza. Umakumba dzenje la waya wa ethi, umakapachika kutali ndi chinyezi, ndipo sabata iliyonse umapukuta fumbi la tiyi limene limalowa paliponse. Kenako pali wotchi. Kabatire ka wotchi kakatha magetsi n'kuzima, makina ena amadzuka akuganiza kuti tsikulo ndi 1 Januwale 1970. Zinatichitikirapo kamodzi. Makilogalamu a gulu lonse la othyola analembedwa pa chaka chimenecho, ndipo pa malipiro a sabatayo sanaoneke. Mayi wina wamkulu anandipeza pa khomo la ofesi, kapepala kake kali m'manja. "Achimwene, Lachitatu langa lapita kuti?" Ndinamva mawu a amayi anga. Usiku umenewo sindinagone mpaka nditalipeza Lachitatu la munthu aliyense.

Magetsi atavuta dziko lonse namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, tinakaikira kabokosi sola yakeyake. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anafika. Phiri linatsitsa miyala ndi matope, midzi inakokoloka, milatho inaduka, ndipo aliyense kuno anataya wina amene ankamudziwa. Za makina panalibe woziganizira. Masiku atapita, nditatha kufika ku fakitale, ndinapeza kanyali kobiriwira kakuphethirabe. Zonse zimene anthu anathyola mvula isanakule zinali momwemo. Ena mwa anthuwo anali ataluza nyumba, matikiti awo atapita ndi madzi, koma malipiro awo anatuluka osasowa kilogalamu n'imodzi yomwe. Kale buku likanyowa nkhani inkathera pomwepo.

Komabe ndisaname kuti makina athetsa kudyerana. Tiyi anabzalidwa kuno koyamba mu 1891, ndipo chiyambire nthawi imeneyo wogwira sikelo ndiye wakhala ndi mawu omaliza. Chasintha n'chakuti pensulo yachoka m'manja mwa kalaliki n'kubwera kwa ife osunga pasiwedi. Sikelo yamagetsi nayonso imasochera ikapanda kuyesedwa. "Za madzi" zija zilipobe, kungoti tsopano ndi peresenti imene munthu amaiika mu kompyuta, ndipo wothyola saona dzanja limene laiika. Kalaliki wakale unkatha kumuyang'ana m'maso. Nambala yotuluka m'makina anthu amaiopa, amaganiza kuti singatsutsidwe. Ichi ndicho chimandidetsa nkhawa kwambiri, makamaka ndikaganiza za alimi ang'onoang'ono a tiyi amene amagulitsa masamba awo ku maesiteti, monga alimi a Sukambizi, amene chakudya cha ana awo chimadalira sikelo ya wina.

N'chifukwa chake ndinalimbikira kuti kapepala kotuluka pa sikelo kazionetsa manambala onse awiri, kulemera kwenikweni ndi zimene zachotsedwa, ndiponso kuti aliyense wosintha kanthu m'kabokosi dzina lake lizitsala momwemo, ngakhale langa. Lolemba lililonse m'mawa ndimanyamula chitsulo choyesera cha makilogalamu 20 n'kupita nacho kumunda. Ndimachikoleka anthu onse akuona, osati m'chipinda.

Amayi anasiya kuthyola msana utawakana. Tsiku lina ndinawatengera kapepala ka pa sikelo n'kuwawerengera mzere ndi mzere. Anakatembenuza kawiri, n'kukasisita ndi chala.

"Ndiye munthu amapita nako kwawo?"

"Eya, amayi, ndi kake."

Anakapinda bwinobwino n'kukamanga pa mfundo ya chitenje chawo, pamene amasungira ndalama.