Galimoto ikakana kulira, batire lisamafere eni

Anzanga a geni, mukapotokola kiyi injini n'kungoti zii, matimati a ku Lizulu akuphikika ndi dzuwa kumbuyoku, musathamangire kugula batire.

Ine ndi Hilux yanga yakale ija timamvana chonchi: ndimayatsa magetsi akutsogolo, kenaka n'kupotokola kiyi. Akachita chizimezime, ndimayang'ana mitu ya batire. Pakakhala ufa woyera uja, ndimatsuka ndi madzi otentha a soda, n'kumangitsa ndi sipanala. Zikakanikabe, apo ndiye batire latha.

Koma magetsi akamawala bwinobwino, sitata n'kungoti "tha!", batire lilibe mlandu. Ndimaigogoda sitatayo pang'ono. Ikazungulira, ndiye kuti mabulashi adyeka.

Zikavutitsitsa, giya 2, anyamata akankhe. Katundu afike kaye pamsika, za makaniko tikaona mawa.