Masiku atatu ku Mzuzu ndi kope la msuweni wanga

Aliyense amene anamva kuti ndikupita ku Mzuzu mu July anandiuza chinthu chimodzi: tenga jekete. Ndinatengadi, koma kajekete ka ku Lilongwe, kongotchenera. Pamene basi imadutsa m'nkhalango ya Chikangawa, nkhungu itaphimba msewu mpaka dalaivala kuyatsa nyali masanasana, ine n'kuti nditapisa manja m'khwapa ngati mwana wa Sitandade 1 pa asembule. Mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi anandiyang'ana, n'kuseka, kenaka n'kundifunditsa mbali ina ya chitenje chawo osalankhula kanthu. Umu ndi mmene Mpoto unandilandirira.

Ndinapita kukaona msuweni wanga, mwana wa amalume. Iyeyu ndi amene tonse kubanja kwathu timamutchula "adokotala" pomunyoza ndi pomunyadira pomwe. Anamaliza digiri ya udokotala ku Blantyre, kusukulu imene makolo athu amaitchulabe College of Medicine ngakhale kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo tsopano ali kumapeto kwa miyezi 18 ya internship pa chipatala chachikulu cha Mzuzu. Pa foni anangoti, "Bwera undithandize kuganiza, mutu wanga watentha." Ine wolemba nkhani za pa intaneti, kuthandiza dokotala kuganiza? Koma ulendo wa ulere wa malo ogona sukanidwa.

Kuchoka pa depoti ndinakwera kabaza wa njinga, amene kuno ena amamutchula kuti sacramento. Mzuzu ndi mzinda wokwera ndi kutsika, ndiye pa chitunda mumatsika nonse, inu ndi wopalasa, n'kumayenda limodzi mukucheza ngati munagwirizana kale. Wanga anandilonjera kuti "Monire," ine n'kuyankha m'Chichewa, iye n'kusintha chilankhulo pompo popanda kundichititsa manyazi. Zimenezi ndinaziona paliponse masiku atatuwo: pa msika, m'minibasi za ku Chibavi ndi Mchengautuwa, anthu amadumpha kuchoka pa Chitumbuka kupita pa Chichewa, nthawi zina Chitonga, ngati akusintha magiya.

Mzindawu ndi wachichepere. Unayamba cha m'ma 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung, imene mbewu zake ankayengera mafuta opangira penti, ndipo unakhala mzinda mu 1985. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000. Koma chipatala chake chachikulu, chimene chili ku Luwinga m'mbali mwa msewu wa M1 wopita ku Karonga, si cha anthu amenewa okha. Chimalandira odwala otumizidwa kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ngakhale pa chilumba cha Likoma. Chinamangidwa ndi thandizo la Taiwan n'kutsegulidwa mu 2000, ndipo madokotala a ku Taiwan anagwirapo ntchito mpaka 2008, Malawi atasankha ubale ndi China. Ndinamudikirira msuweni panja pa geti, pakati pa ogulitsa nthochi, ma eyataimu ndi mabeseni apulasitiki, ndikuyang'ana magadiyani akulowa ndi mapoto okulunga m'nsalu.

Anatuluka mochedwa ndi ola lathunthu, maso ali psuu. "Iwe msuweni, jekete yakoyi ndi ya ku phwando kapena?" Ndiwo unali moni wake.

Tinakadya kondowole ndi batala wa ku Nkhata Bay pa kalesitilanti kena m'tauni. Kondowole, kwa inu osamudziwa, ndi nsima ya chinangwa, yonanda, yosafuna munthu wamanyazi. Ndili mkati molimbana naye, msuweni anatulutsa kope la hadikava m'chikwama. Masamba ake anali atawajambula mizere itatu, pamwamba palembedwa Blantyre, Lilongwe, Joni.

Akufuna kukhala katswiri wa internal medicine. Ndinamufunsa kuti andifotokozere ngati akufotokozera agogo. Iye anati: "Ndi dokotala wa akuluakulu amene sagwira mpeni. Mtima, impso, chiwindi, mapapo, shuga, BP, TB, HIV, kufa ziwalo. Munthu akabwera atatupa miyendo, akupuma movutikira, ife ndi amene timafufuza ngati vuto ndi mtima, impso kapena magazi ochepa. Opaleshoni imaoneka, anthu amaombera m'manja. Yathuyi ndi ya kumvetsera ndi kuganiza." Kenaka anawonjezera kuti n'chifukwa chake Chitumbuka chimene anayamwa kwa mayi ake chimamuthandiza kuposa zida zina. Gogo wa ku Hewe akamafotokoza mmene matenda anayambira, mawu amodzi otayika pomasulira akhoza kukusocheretsa sabata yonse.

Mzere wa Blantyre ndi umene unali wodzaza kwambiri. Kumeneko kuli digiri ya ukatswiri yotchedwa MMed, ya zaka zinayi, ya yunivesite yomwe anaphunzira ija, ndipo ntchito yake yambiri imachitikira pa Queens. Ubwino wake anaulemba ndi zilembo zikuluzikulu: aphunzitsi amawadziwa, mawodi amawadziwa, odwala ndi ochuluka moti m'chaka chimodzi umaona matenda amene ena amangowawerenga m'mabuku. Pafupi pomwepo pali bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, ndiye amene ali ndi mtima wofufuza sasowa womutsogolera, pajatu MMed siitha popanda kulemba kafukufuku wako. Pansi pake analemba funso limodzi lokha, n'kulizunguliza kawiri: alipira ndani? Amene ali pa ntchito ya boma akhoza kupempha tchuthi cha maphunziro, malipiro n'kumalowabe, koma fizi imafuna sikolashipu, ndipo wokulipirira amafuna udzabwerere kudzamugwirira ntchito zaka zingapo. Izi ndi zachilungamo ndithu, kungoti umasayina uli ndi zaka 27 lonjezo limene udzalikwaniritse uli ndi zaka 35, mwina uli ndi ana awiri.

Pa mzere wa Lilongwe analembapo dzina limene ine ndinali ndisanalimvepo: ECSACOP. Imeneyi ndi koleji ya madokotala a internal medicine ya maiko a kummawa, pakati ndi kummwera kwa Africa, yomwe inayamba ndi maiko asanu ndi limodzi: Malawi, Zambia, Zimbabwe, Kenya, Uganda ndi Tanzania. Simukapeza mageti kapena mahositelo ake ayi. Umaphunzira ukugwira ntchito pa chipatala chovomerezedwa, pansi pa akatswiri amene alipo, maphunziro ena n'kumachitira pa intaneti, mayeso n'kumalemba ofanana ndi anzako a ku Kampala ndi Harare. Nayonso ndi zaka zinayi. Madokotala a opaleshoni anayamba kale njira yotereyi kudzera ku koleji yawo ya COSECSA. Msuweni ankaiganizira ali pa Kamuzu Central, kumene kulinso UNC Project, chipatala cha Lighthouse ndi malo atsopano othandizira odwala khansa. Chimene chinkamukayikitsa n'chakuti njirayi imadalira kwambiri munthu amene akukuyang'anira. Ukapeza consultant wokonda kuphunzitsa, wadya bwino. Ukapeza wotanganidwa ndi misonkhano, uphunzira wekha usiku ndi bandulo yako.

Joni sitinachedwepo. Zipatala ngati Groote Schuur ku Cape Town kapena Chris Hani Baragwanath ku Soweto zili ndi makina ndi akatswiri a nthambi iliyonse, koma dokotala wochokera kunja kawirikawiri amalowa ngati supernumerary, kutanthauza kuti ntchito agwira mofanana ndi anzake koma malipiro alibe. Lendi, chakudya, fizi, zonse ndi za amene wakutumiza, ndipo usanayambe pali mapepala a bungwe lawo la HPCSA oti uthane nawo. "Komanso," anatero akupukuta m'manja, "amene amapita kumene kuja sabwera onse." Anatero akuseka, koma achimwene ake enieni ali ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, ngakhale iwo anapitira zina.

Ine monga mlendo wanzeru ndinati, "Ndiye Blantyre basi, nkhani yatha." Anandiyang'ana ngati ndayankha funso limene silinafunsidwe.

Tsiku lachiwiri iye ali ku ntchito, ine ndinazungulira. Ndinamwa khofi wa Mzuzu, yemwe kwenikweni amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono kumapiri ngati a Misuku, Phoka ndi Viphya, ndipo ndivomere kuti moyo wanga wonse ndinkaganiza kuti minda yake ili mumzinda momwemo. Ku msika wa Taifa ndinapeza zitenje zochokera ku Tanzania zimene zinandipweteketsa m'thumba. Kamvula ka ng'ombe yamba kanawaza, kanasiya, kanawazanso. Mzuzu ndi wobiriwira ngakhale miyezi imene Lilongwe amakhala fumbi lokhalokha, ndipo anthu ake sathamanga. Ndinayamba kumvetsa chifukwa chake anzanga a ku Mzuni amati akamaliza sukulu safuna kuchoka, ngakhale ntchito zambiri zili kummwera kwa Jenda.

Madzulo anabwera ndi nkhani ya kaodzera. Anandiuza kuti matendawa, amene amafala ndi ntchentche za kashembe, akadalipo kwa anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Vwaza ku Rumphi, monganso ku Nkhotakota. Amayamba ngati malungo, ndiye dokotala amene sanawaganizire akhoza kumangopereka mankhwala a malungo munthu akunka nafooka. Anatchulanso kafukufuku amene wakhala akuchitika ku Chilumba, m'boma la Karonga, amene waonetsa kuti BP ndi shuga si matenda a mabwana a m'tauni okha, ali m'midzi, ndipo ambiri amene ali nawo sadziwa. "Mpoto uli ndi matenda ake, ndi anthu ake, ndi misewu yake. Munthu wochokera ku Nthalire kuti afike pano wavutika kale. Ndiye ndimuuzenso kuti apite ku Lilongwe, makilomita oposa 350?" Apa ndi pamene ndinazindikira kuti m'kope lija munalibe mzere wa Mzuzu. Njira zitatu zonse zimene ankaziyerekeza zinali zomuchotsa pano kwa zaka zinayi.

Loweruka tinakwera minibasi ya ku Ekwendeni, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, kukaona amalume. Iwo anabwera ku Mpoto ngati mphunzitsi ali mnyamata, anakwatira konkuno, ndipo atapuma ntchito anamanga pafupi ndi kwawo kwa akazi awo. Chaka chatha anadwala sitiroko. Inali yaing'ono, akuyenda, akulankhula, koma dzanja lamanzere silimvera bwinobwino ndipo batani la malaya amawamangira ndi azakhali. Kubanja tinauzidwa kuti "apeza bwino," ndipo ife a ku Lilongwe tinatumiza ndalama pa foni n'kuona ngati tagwira ntchito yathu. Sindinadziwe kuti Loweruka lililonse limene sali pa ntchito, msuweni amakwera minibasi imeneyi ndi kamakina koyezera BP m'chikwama, kuti ndi iye amene amawerenga mapiritsi otsala m'botolo, amene amakangana ndi azakhali za mchere wa m'ndiwo.

Amalume anandilandira pa khonde atavala chipewa cha ubweya. "Aphwanga, mwabwera kudzationa tisanafe?" Ndinagwada n'kuwapatsa moni, iwo n'kundigwira ndi dzanja labwinolo. Msuweni anawakulunga lamba pa mkono osapempha, iwo akupitiriza kundifunsa za mayi anga ndi mtengo wa feteleza. Kamakina kanalira. Iye anayang'ana nambala, sananene kanthu, anangolemba kumapeto kwa kope lomwe lija. Ndinasuzumira. Masamba omalizira onse anali madeti ndi manambala, Loweruka ndi Loweruka, kuyambira chaka chatha.

Titadya, iye atapita kukathandiza azakhali kutsuka mbale, amalume ananditsinira khutu. Akudziwa zonse. Akudziwa za Blantyre, za Lilongwe, ngakhale za Joni. "Mwana ameneyu ndinamugulitsira ng'ombe kuti aphunzire, osati kuti azindiyeza mkono. Mukamuuze apite. Ine ndikamuuza amati ndi matenda akulankhula." Ndinawafunsa kuti nanga iwo atsala bwanji. Anandiloza njira yopita ku chipatala cha mishoni, chomwe chili pafupi, n'kunena kuti anamwino a kumeneko ena anawaphunzitsa okha long division.

Pobwerera m'minibasi ndinamuuza msuweni, mawu ndi mawu, chifukwa uthenga wa amalume subisidwa. Anakhala chete mpaka tinadutsa pa Dunduzu. Kenaka anayamba kuwerengera mokweza, osati kwa ine kwenikweni: kuchoka ku Lilongwe ndi basi ya usiku Lachisanu, m'mawa uli pa Mzuzu, pofika 8 koloko uli pa Ekwendeni, Lamlungu masana wabwerera. Kuchoka ku Blantyre ndi ulendo wowirikiza pafupifupi kawiri, ndiye mwina kamodzi pa miyezi iwiri. Koma aphunzitsi amene amamudziwa, amene angamulembere kalata yabwino, ali ku Blantyre. Ndipo mwina, anatero, angoyamba wagwira kaye ntchito konkuno chaka chimodzi kapena ziwiri monga amachitira ambiri, aone mmene dzanja lija likuyendera, ngakhale akudziwa anzake amene anati "chaka chimodzi chokha" ndipo pano zaka zisanu zadutsa.

Lamlungu m'mawa anandiperekeza ku depoti atavala kale zopita ku wodi. Anandikankhira thumba la mpunga wa Kilombero la mayi anga, n'kundibwereka juzi yake ya ubweya kuti ndisakafere pa Chikangawa. Ndinamufunsa ngati ndingalembe nkhaniyi. Anati ndilembe, bola ndisatchule dzina lake, komanso ndikafika ndimufunsire mitengo ya lendi ku Area 33 ndi ku Kawale, nyumba ya chipinda chimodzi, yokhala ndi madzi.