Kuseri kwa kapeti ya ku Döşemealtı

Mzinda wakale wa Antalya ku Turkey, womwe eni ake amautcha Kaleiçi, umaloweka pachipata cha makomo atatu chimene anamanga polandira mfumu Hadrian m'chaka cha 130. Tinjira take timatsetserekera kudoko, lomwe buku la Machitidwe limati Paulo ndi Barnaba anakwererapo ngalawa. Tinanyamukira pamenepo n'kutsata msewu wa D400, mapiri a mapaini kumanja, nyanja ya Mediterranean kumanzere.

Ku Phaselis anthu amasambira pafupi ndi zipilala za ngalande ya madzi ya Aroma. Ku Çıralı tinakwera phiri chakumadzulo kukaona moto wotuluka m'ming'alu ya miyala, woyaka ndi mpweya wochokera pansi. Ku Demre, komwe kale kunali Myra, manda anawagoba pathanthwe, mwaphompho ndithu.

Koma chimene chinandigwira mtima ndinachipeza m'sitolo ya makapeti ku Kaş. “Khalani pansi bambo, tiyi kaye, za mtengo pambuyo,” anatero mwini sitolo. Mnyamata wake ankayala kapeti pamwamba pa inzake mpaka simenti yonse inabisika. Kenaka bamboyo anatembenuza imodzi n'kundiuza kuti ndipapase kuseri.

Kapeti yoluka pamanja imadziwikira kumeneko. Mfundo iliyonse imaoneka payokha, ina yonenepa, ina yowonda, ndipo mzere umapendekeka pang'ono pamene dzanja linatopa. Mphonje zake si zosokerera ayi, ndi ulusi womwewo umene wagwira kapeti yonse. Aluki a ku Turkey amakulunga ubweya wa nkhosa pa ulusi uwiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake mfundo zawo sizimasuka chisawawa. Utoto wofiira umachokera ku mizu ya chomera, wofiirira ku makoko a mtedza wa walnut.

Imene ndinaikonda inali yofiira ndi yabuluu wodera, yochokera ku Döşemealtı, kumpoto kwa Antalya. Kumeneko amayi a mtundu wa Yörük, omwe makolo awo ankasamukasamuka ndi ziweto, amaluka makapeti amenewa. M'chilimwe, tirigu akakololedwa, makapeti ambirimbiri amayanikidwa m'minda kuti dzuwa lifewetse mitundu yake.

Tinanenererana mtengo mwaulemu, tiyi akubwerabe. Komabe china chinkandiwawa. Bamboyo ankadziwa mudzi, mtundu wa ubweya ndi zaka za kapetiyo, koma nditafunsa za mayi amene anailuka, anangotambasula manja. Masabata ambiri akuwerama pa ulusi, koma dzina lake silinafike nawo m'sitolo.

Ndinaigula ndithu. Pobwerera ndinapempha dalaivala wathu kuti tisalowe msanga mu Antalya, tikhotere kaye ku Döşemealtı, ndikaone manja amene amamanga mfundo zimenezi.