Chifalansa cha Fomu 4

Mayi wina wa ku Dedza, amene adakulira m'mudzi woyandikana ndi malire a Mozambique, adafika ku Indiana m'dziko la America ali ndi mwana mmodzi ndi satifiketi ya MSCE yothothoka m'mbali. Usiku ankasamalira okalamba, masana ankaphunzira pa koleji ina yaing'ono, maso ali pa digiri ya unamwino. Kumeneko maphunziro amawerengedwa ndi makirediti. Digiri yoyamba imalira makirediti pafupifupi 120, ndipo phunziro limodzi la teremu imodzi kawirikawiri limapereka atatu. Kirediti iliyonse inkamudyera ndalama, inkamudyeranso maola amene akadagona kapena kucheza ndi mwana wake.

Tsiku lina mlangizi wa ophunzira adamutchulira mayeso otchedwa CLEP. Mayesowa adayambitsidwa mu 1967 ndi bungwe la College Board, ndipo maganizo ake ndi osavuta kumva: ngati munthu chinthu akuchidziwa kale, asachikhalirenso m'kalasi miyezi inayi, alembe mayeso, akakhoza apatsidwe makirediti. Mayesowa alipo oposa 30, a masamu, sayansi, mbiri, zamalonda ndi zilankhulo. Ambiri amatenga mphindi 90 pa kompyuta, munthu akusankha yankho lolondola pa angapo. Malikisi amayambira pa 20 kulekeza pa 80, ndipo bungwe la American Council on Education limalangiza makoleji kuti wofika pa 50 apatsidwe makirediti. Mtengo wa mayeso amodzi sunkafika madola 100, pamene phunziro lomwelo m'kalasi likadatha madola mazana angapo.

Mayiyu adayamba ndi Bayoloje, phunziro limene ankalikonda ku sekondale. Adawerenga milungu isanu ndi umodzi pa nthawi yopuma ku ntchito, ndipo adakhoza. Atatengera zotsatira ku ofesi ndi pamene adamva kuti koleji iliyonse imadziikira malamulo ake, ndipo a zaunamwino pamenepo ankafuna Bayoloje yophunzirira mu labotale. Ndalama zidapita, tulo tidapita, phunzirolo lidatsalabe pa mndandanda. Safunsa adadya phula.

Ulendo wachiwiri adayamba wafunsa, nalembetsa yankho pa pepala. Adauzidwa kuti mayeso a chilankhulo angalowe m'malo mwa maphunziro awiri osankha. Mtima udamudumpha, pakuti zilankhulo ndizo chuma chimene adachoka nacho kwawo. Chichewa adachiyamwira. Chipwitikizi adachitola ali mtsikana, poperekeza azakhali ake kukagula mbatatesi ndi nyemba ku Angónia, mpaka ankatha kunenerera mtengo ndi kukalipira wobera pa sikelo. Koma pa mndandanda wa CLEP padali zilankhulo zachilendo zitatu zokha: Chifalansa, Chijeremani ndi Chisipanishi.

Chifalansa adachisiya ku Fomu 4, ndipo chichokereni kusukulu sadachilankhulepo ndi munthu. Adabwereka buku ku laibulale, namamvetsera maphunziro pa foni pochapa nsalu za odwala. Chimene chidamudabwitsa n'chakuti Chipwitikizi cha kumsika chija chinkamutsegulira mawu ambiri a Chifalansa, popeza ziwirizi n'zapachibale, zonse zidachokera ku Chilatini. Mayesowo amayesa kumva ndi kuwerenga. Safuna kuti munthu atsegule pakamwa. Adadutsa 50, napatsidwa makirediti 6. Teremu imeneyo adapeza madzulo awiri pa mlungu okhala pakhomo.

Ataimbira foni amayi ake kumudzi kuti awauze, gogoyo adafunsa kuti, "Mayeso ake a chiyani, mwana wanga?"

"A Chifalansa, amayi."

"Nanga Chifalansacho uzilankhula ndi ndani kumeneko?"

Adaseka onse awiri, koma funsolo lidamutsalira. Pa zilankhulo zinayi zimene ankadziwa, chimene chidamulipira ndi chimene ankachidziwa pang'ono kuposa zonse. Chichewa chimene amatha kupepesera nacho maliro, kuzembera nacho mawu pamaso pa apongozi, kusiyanitsa nacho mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, pa pepala la kolejiyo chidalibe mzere wake.

Mayeso otere ali ndi ubwino umene suyenera kuchepetsedwa. Amavomereza kuti nzeru sizimera m'kalasi mokha, ndipo kwa munthu wogwira ntchito usiku chivomerezo chimenechi chimasanduka lendi ndi tulo. Komabe muyeso umayeza chimene adaupangira. Kuti phunziro likhale ndi mayeso, pafunika makoleji ambiri oliphunzitsa mofanana, akatswiri olemba mafunso, ndi olemba mayeso okwanira kubweza ndalama zake. Chilankhulo cholankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe chikhoza kusowa pa mndandanda wotere popanda aliyense kuchinyoza. Sichidalowe chabe m'mawerengero awo.

Mayiyu sadataye nthawi ndi kudandaula, pakuti adali ndi masamu oti akonzekere. Chimene adasintha ndi cha pakhomo. Madzulo awiri aja amene Chifalansa chidamugulira adawapatula kuti m'nyumbamo muzimveka Chichewa chokha, chifukwa mwana wake adali atayamba kuyankha agogo ake m'Chingerezi.