Ulendo wa ku Khwekhwerere: Kodi Dizilo Amathera Kuti?

Dziko lathu la Malaŵi lili ngati nyumba yosanja. Pansi pali nyanja, imene ili pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere. Pakati pali chidikha cha Lilongwe pa mamita 1,050. Pamwamba pali tauni ya Dedza pa mamita ngati 1,600, ndipo phiri lake limafika mamita 2,198. Munthu woyenda pansi amazidziŵa nsanja zimenezi ndi maondo ake, koma woyenda pa galimoto amazidziŵira m'thumba. Maŵanja ena masiku ano ali ndi magalimoto akale a dizilo osintha okha magiya, amene anthu amati otomatiki, ndipo dandaulo lawo ndi limodzi, lakuti galimoto ikumwa mafuta ngati ng'ombe ya m'chilimwe. Tikufuna tikusimbireni, okondedwa aŵerengi, zimene mseu unatiphunzitsa pa nkhani imeneyi.

M'mwezi wa Julaye tinanyamuka anthu anayi pa galimoto yotere ya mnzathu wina, amene anali atangoigula kumene kwa eni ake akale. Tinapangana kuzungulira kuchokera ku Lilongwe kupita ku Dedza, kutsikira ku Golomoti, kudzera ku Salima ndi kubwereranso kwathu. Mwini wake ankadandaula kuti muvi wosonyeza mafuta ukutsika mofulumira, koma sankadziŵa kuti ikumwa motani. Tsono tinachita monga tichitira ndi ana a sukulu pa masamu. Tinadzaza thanki mpaka pakamwa, tinalemba m'kope nambala ya makilomita, ndipo tinagwirizana kuti paliponse pamene tidzathire, tidzadzazenso ndi kugaŵa makilomita ndi malita. Muvi umanama, makamaka ukakalamba, koma masamu ameneŵa sanama.

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Dedza ndi makilomita ngati 85. Mseu umadutsa pa Nathenje, nuwoloka mtsinje wa Linthipe, ndipo wokwera sazindikira kuti akukwera chitunda, pakuti maso ake amakhala pa mapiri a miyala ndi pa milu ya tomato ndi kachewere m'mbali mwa mseu. Komabe pofika ku Dedza galimoto imakhala itakweza katundu wake yense mamita oposa 500. Titathira kumeneko inaloŵa malita 11, ndiko kunena kuti lita imodzi sinakwanitse ngakhale makilomita 8.

Mmaŵa umenewo kunali chisanu choboola m'mafupa, ndipo tinaona zinthu ziŵiri. Choyamba, muvi wosonyeza kutentha kwa injini unangogona pansi ulendo wonse. Chachiŵiri, pa chitunda chilichonse galimoto inkasiya utsi wakuda bii m'mbuyo. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto monga ya petulo. Imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, ndipo dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Motero imafuna mpweya wochuluka ndi kutentha kokwanira. Pa msinkhu wa Dedza mpweya ndi wopepuka ndi gawo ngati limodzi mwa magawo 7 poyerekeza ndi wa m'mbali mwa nyanja yamchere, koma pampu ya injini zambiri zakale sidziŵa zimenezi, imangothira dizilo monga kale. Wotsala wosapsa bwino ndiye utsi wakudawo. Kunena zoona, munthu akaona utsi wotere m'mbuyo mwa galimoto yake, adziŵe kuti akuona ndalama zake zikuuluka.

Titapitirira pang'ono kumwera kwa Dedza tinapatuka pa Masasa ndi kuyamba kutsika Khwekhwerere. Ha, kukongola kwake kwa malo aja! Mseu umapindikapindika ngati njoka pa thanthwe, ndipo pa ngodya zina chigwa chonse chimatseguka, nyanja nionekera patali ngati nsalu yoyanikidwa. M'mbali mwa mseu amisiri amagulitsa timagalimoto ndi timathirakitala tosema pa mtengo, ndipo mmodzi wa ife anaseka nati izi zokha ndizo galimoto zosamwa mafuta m'dziko muno.

Pa mtsetse umenewu pali yesero. Ena amaika giya pa N kuti galimoto iziyenda yokha, poganiza kuti abweze dizilo amene anathera pokwera. Tikuchenjezeni achinyamata amene mukuphunzira chiwongolero kuti zimenezi n'zoopsa. Pamtsetse injini imamwa pang'ono kale, choncho chopulumutsa n'chochepa, pamene mabuleki akasiyidwa kugwira ntchito okha amatentha nafooka. Woyendetsa wathu anaika giya pa 2, pena pa L, kuti injini ithandize kugwira galimoto. Mafuta amene phiri ladya pokwera silibweza onse potsika, chifukwa mphamvu ija imangosanduka kutentha.

Pa Golomoti tinavula majuzi. Apa ndi pansi pa chigwa, dziko la milambe ikuluikulu, ndipo mseu wa m'mbali mwa nyanja umaloŵera kumpoto kudutsa pafupi ndi Mua, Mtakataka ndi Chipoka. Njanji imene inafika ku Salima mu 1935 imayenda m'chigwa chomwechi, popeza amisiri ake anadziŵa kuti chitunda ndicho mdani wa injini iliyonse. Pa mseu wa see wotere tinayembekeza kuti galimoto ipume, koma tinamva injini ikulirabe mokweza ngati ikupempha giya ina imene kulibe.

Apa ndipo pali chibadwa cha otomatiki yakale. Pakati pa injini ndi magiya palibe mbale yogwirana gwa monga pa galimoto yosintha ndi dzanja, koma pali chitsulo chodzaza ndi oyilo. Taganizani mukutakasa madzi m'ndowa ndi mthiko, m'katimo muli chikho choyandama. Chikhocho chidzazungulira ndithu, koma mochedwerapo kuposa mthiko. Momwemonso injini imazunguza oyilo, oyiloyo nazunguza magiya, ndipo mphamvu ina imatayikira m'katimo. Magalimoto a masiku ano ali ndi chomangira mbali ziŵirizi pamodzi liŵiro likakwana, ndiponso ali ndi magiya 6 kapena 8, pamene akale ambiri ali ndi magiya 3 kapena 4 okha, ndipo ena alibe chomangiracho. Limeneli si vuto loti makaniko angalichotse.

Tinawolokanso Linthipe yemwe uja, tsopano ali wotambalala pafupi ndi mathero ake, ndipo tinaloŵa m'Salima dzuŵa litapendeka. Mnzathuyo anaonetsa galimoto kwa makaniko wina wachikulire. Iyeyu anatulutsa sefa ya mpweya ili mbuu ndi fumbi, napeza matayala aŵiri ali ofooka, ndipo atagwira gudumu lina lam'mbuyo anapeza likutentha chifukwa buleki inali kugwira yokha. Anapezanso kuti chitsulo chotsekera madzi kuti injini itenthe msanga, chimene amakaniko amati themositati, chinachotsedwa kalekale. Ambiri amachichotsa poopa kuti injini ingaŵire, osadziŵa kuti injini yozizira imamwa kwambiri ndipo imatha msanga. Anati, "Bambo, galimoto yanuyi ili ngati munthu wothamanga atatseka mphuno, mwendo wina atamangirira mwala." Zimene akanatha anakonza, koma analangiza kuti manozo opopera dizilo akayesedwe kwa amene ali ndi makina ake.

M'maŵa mwake tinayamba makilomita ngati 100 obwerera ku Lilongwe, kukwera zitunda za ku Mvera, kumene Andrew Charles Murray ndi Theunis Vlok anayamba mishoni mu 1889. Mpunga ndi nsomba zimene tinagula tinaziika m'kati, osati padenga, pakuti katundu wa padenga amalimbana ndi mphepo. Kulimbana kumeneku kumakula koposa ndi liŵiro: mukaŵirikiza liŵiro kaŵiri, mphepo imakaniza kanayi. Woyendetsa sanapitirire makilomita 80 pa ola, ndipo pa zitunda sanapondereze phazi mpaka pansi, chifukwa kutero kumagwetsa giya ndi kukweza ludzu la injini. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Titadzaza pa Kanengo, lita imodzi inali itayenda makilomita oposa 9, ngakhale tinali pa chikweza.

Dizilo yense wa m'dziko muno amachokera kutali, kudzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Amene anagona pa mizere ya mafuta mu 2011 ndi 2012 akudziŵa mtengo wa lita imodzi. Chotero inu makolo amene muli ndi galimoto yotere, sungani kakope m'galimoto ndipo mupatse mwana wanu wa sukulu udindo wolemba malita ndi makilomita. Nambala ikatsika mwadzidzidzi, pali chimene chadwala, ndipo kaŵirikaŵiri mankhwala ake ndi otsika mtengo. Koma ikakhazikika pamodzimodzi zonse zitakonzedwa, ndiye kuti chatsala ndi ukalamba wa galimoto ndi mapiri a dziko lathu, ndipo banja liyenera kukhala pansi ndi kuŵerengera ngati thumba lake lingathe kuisunga.