Kodi Wakupha Anthu N'kumuseka?

Pa zaka zonse zomwe ndidagwira choko kuno ku Mchinji, ndinkauza ophunzira kuti buku labwino limasiya funso mumtima mwa woliwerenga. Buku la Jonas Jonasson, mlembi wa ku Sweden, lotchedwa Hitman Anders and the Meaning of It All, lomwe lidatuluka m'Chingerezi mu 1916 ayi, koma mu 2016, lidandisiyira funso lotere: kodi munthu wokhetsa mwazi n'kumuseka?

Mwininkhani, Anders, ndi chigawenga chomwe chatha zaka zambiri m'ndende chifukwa chopha anthu. Atatuluka, akumana ndi wolandira alendo pa kahotela kena ndiponso mbusa wamkazi yemwe sakhulupirira Mulungu. Awiriwa ayamba kulandira ndalama kwa anthu ofuna kuti Anders akathyole adani awo manja ndi miyendo. Mwadzidzidzi Anders atembenuka mtima nakana ntchito yoipayo. Poona kuti malonda aima, anzake aja atsegula mpingo kuti azikolola chopereka.

Ndidaseka mpaka misozi, koma chidandiseketsa si ululu wa othyoledwa mafupa. Ndidaseka dyera la anthu awiri ophunzira amene asandutsa nkhanza ndi pemphero lomwe kukhala msika. Mipingo yotere si ya ku Stockholm kokha. Nafenso taiona m'misika yathu.

Komabe bukuli lili ndi chilema: ovulazidwa sapatsidwa mawu. Apa J.W. Gwengwe adachita bwino koposa. Mu Sikusinja ndi Gwenembe, Gwenembe apha mbale wake chifukwa cha chuma, koma mbalame iulula chinsinsicho, ndipo mwazi wa wophedwa sukhala chete.

Ife Amalawi tikudziwa kulemera kwa nkhani zotere. Mu 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adaphedwa ku Mwanza, ndipo mtundu udauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Choonadi chidalengezedwa poyera mu 1995. Mabanja awo sakadatha kuseka.

Choncho, inu ophunzira, liwerengeni bukuli ndipo musekedi, pakuti kuseka kumavula woipa ulemu wake wabodza. Koma poseka dzifunseni kuti amene mlembi akukuseketsani naye ndani. Ngati ndi wakupha ndi omudyera masuku pamutu, sekani. Ngati ndi wophedwa, litsekeni bukulo, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.